Mmene mungayendetsere ganizo lanu ku IETF mpaka lidzakhale RFC

Ngati muli ndi ganizo lokonza mmene makompyuta amalankhulirana pa intaneti, ndipo mukufuna kuti lidzakhale muyezo woti aliyense azitsatira, musayambe ndi kulemba protokolo yanuyo. Ndikudziwa kuti manja amayabwa, makamaka khodi ikayamba kale kugwira ntchito pa makina anu. Koma anthu amene mukawapeze ku IETF sakayamba n'kufunsa ngati yankho lanu lili labwino. Akafunsa kuti vuto lake ndi liti, likusautsa ndani kupatula inuyo, nanga n'chifukwa chiyani maprotokolo omwe alipo kale akulephera kulithetsa. Munthu wosakonzekera mafunso atatuwa amabwerera atakhumudwa, n'kumati anthu aja ndi ouma mtima, chonsecho anangomufunsa zoyenera kufunsa.

Tsimikizaninso kuti mwagogoda pa khomo loyenera. IETF, yomwe dzina lake lonse ndi Internet Engineering Task Force, imayang'anira zinthu monga IP, TCP, DNS, HTTP, TLS, BGP ndi maprotokolo a imelo, ndipo zikalata zake zomalizidwa zimatuluka ndi dzina loti RFC (Request for Comments) ndi nambala. Za Wi-Fi ndi Ethernet zili m'manja mwa IEEE, za CSS zili ku W3C, za 4G ndi 5G zili ku 3GPP.

Bungweli linakumana koyamba mu Januwale 1986 ku San Diego, anthu ake ali 21 okha. Mpaka lero lilibe umembala. Palibe fomu yoti mudzaze kapena wina woti akuvomerezeni. Mukalembetsa pa maimelo a gulu lina n'kuyamba kuyankhapo, ndiye kuti mwalowa. Aliyense amalankhula m'dzina lake, osati m'dzina la kampani yomwe imamulipira, ngakhale kuti tonse timadziwa kuti makampani akuluakulu amatumiza anthu ambiri ndipo mawu awo amamveka patali. Komabe lamulo limeneli ndi lomwe limapatsa mpata injiniya woima yekha kutsutsa mnzake wa ku kampani yaikulu, ndipo ndaonapo woima yekhayo akumvedwa chifukwa mfundo yake inali yoona.

Yambani n'kuwerenga

Ntchito yeniyeni imachitikira m'magulu otchedwa working group, omwe alipo oposa 100. Gulu lililonse lili ndi charter, chikalata chachifupi chonena zomwe gululo likuloledwa kugwira ndi zomwe silikhudza. Pitani pa Datatracker, tsamba la IETF losunga magulu ndi zikalata, pezani gulu loyandikira nkhani yanu, werengani charter yake mofatsa. Kenaka werengani maimelo akale a gululo, a chaka chathunthu ngati mungathe. Ndi ntchito yotopetsa koma simungaizembe. Nthawi zambiri mupeza kuti ganizo lanu linabwerapo kale ndi munthu wina, linakambidwa, ndipo linakanidwa pa chifukwa chinachake. Chifukwa chimenecho ndiye chuma chanu. Mwina chikadali choona, apo mwapulumutsa miyezi yanu. Mwina zinthu zinasintha, apo mwapeza chiganizo choyamba cha kalata yanu: munakana izi pa chifukwa chakuti, koma chakuticho pano sichilinso choncho.

Musanapemphe anthu kuti awerenge zanu, werengani zawo. Sankhani chikalata chimodzi chomwe gulu likuchikonza, chiwerengeni ngati munthu amene mawa akalemba pulogalamu kuchokera pa chimenecho, ndipo tumizani ndemanga pomwe mwasokonezeka. Ndemanga yoti "gawo 4.2 silikunena chomwe seva ichite ikalandira uthenga umenewu kawiri" imakudziwitsani kwa anthu kuposa kudzifotokoza kulikonse. Owerenga mosamala ndi osowa kwambiri ku IETF, ndipo amene wawerenga za anzake, zake zimawerengedwanso.

Mukaona kuti palibe gulu lomwe nkhani yanu ikukwanamo, alipo magulu otchedwa DISPATCH omwe ntchito yawo ndi kuloza komwe nkhani yatsopano ipite. Ikakhala yaikulu yofuna gulu lakelake, pamachitika msonkhano wotchedwa BoF woona ngati pali anthu okwanira ofuna kugwira ntchitoyo, osati ongoikonda. Koma kwa munthu woyamba kumene, ine ndimati sakani gulu lomwe lilipo kale.

Kulemba Internet-Draft

Aliyense angatumize Internet-Draft, chikalata chongoyambira chofotokoza ganizo lake, popanda kupempha chilolezo kapena kulipira. Dzina lake limayamba ndi draft, kenaka dzina lanu, dzina la gulu lomwe mukulunjika, mutu wa nkhani, n'kuthera ndi 00. Mukakonza n'kutumizanso imakhala 01, 02, mpaka mtsogolo. Ikakhala miyezi isanu ndi umodzi osaikhudza imatha mphamvu. Ambiri masiku ano amalemba mu Markdown pogwiritsa ntchito kramdown-rfc, ena mu XML, ndipo xml2rfc ndi imene imatulutsa chikalata m'maonekedwe ovomerezeka. Musataye nthawi yambiri pa zida zimenezi, tsiku limodzi ndi lokwanira kuzizolowera.

Nthawi yanu ipite pa funso limodzi: kodi anthu awiri amene sanaonanepo, wina ali ku Seoul wina ku São Paulo, atawerenga chikalatachi aliyense payekha n'kulemba pulogalamu, mapulogalamu awowo angamvane? Muyezo ntchito yake ndi imeneyo basi. Choncho lembani ndondomeko ya uthenga uliwonse mpaka pa bit, nenani amene amayamba kulankhula, nthawi yodikira yankho, ndi chochita yankho likapanda kubwera. Olemba atsopano amafotokoza bwino njira yomwe zonse zikuyenda mwa myaa, n'kuiwala zomwe zichitike paketi, kachidutswa ka uthenga koyenda pa netiweki, ikatayika, ikafika mochedwa, ikabwera kawiri, kapena ikabwera ndi nambala yomwe wolandira sakuidziwa. Komatu pa intaneti zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku.

Pali mawu ochepa omwe muyenera kuwagwira ngati mpeni wakuthwa. RFC 2119, yomwe analemba Scott Bradner mu 1997, inapereka tanthauzo lokhazikika la MUST, MUST NOT, SHOULD, SHOULD NOT ndi MAY, ndipo RFC 8174 ya 2017 inaonjezera kuti tanthauzo limenelo limagwira pokhapokha mawuwo alembedwa ndi zilembo zazikulu. MUST ndi lamulo, wosalitsatira sakutsatira muyezo. MAY ndi ufulu, koma pulogalamu yomwe yasankha kusachita iyenerabe kumvana ndi yomwe yachita. Povuta ndi pa SHOULD. Mawuwa amatanthauza kuti chitani, pokhapokha muli ndi chifukwa chomveka ndipo mwamvetsa zotsatira za kusachitako. Ndaona zikalata zambiri zomwe SHOULD inalowamo chifukwa olemba analephera kugwirizana, wina akufuna MUST wina akufuna MAY, n'kungothawira pakati. Mkangano umenewo sunathe, angousamutsira kwa olemba mapulogalamu omwe adzakumane nawo patapita zaka, chinthu chitasweka. Pa SHOULD iliyonse yomwe mwalemba, onjezani chiganizo chonena nthawi yomwe munthu angaloledwe kusatsatira. Mukalephera kupeza nthawi yoteroyo, ndiye kuti ndi MUST. Ndipo musaike MUST pongofuna kuti anthu azichita zinthu mmene inu mumakondera. RFC 2119 yomweyo imachenjeza kuti mawuwa agwiritsidwe ntchito pomwe akufunikadi, kuti mapulogalamu amvane kapena kuti apewe kuononga.

Ganizirani za mawa la protokolo yanu kuyambira pa 00. Nkhani ya TLS 1.3, mtundu wa protokolo yobisa uthenga pa intaneti, ndiyo imandiphunzitsa kwambiri pano. TLS inali ndi malo olembapo nambala ya mtundu wake, kuti mtundu watsopano ukadzabwera mbali ziwirizo zidzangogwirizana. Koma kwa zaka zambiri nambalayo sinkasintha, ndipo opanga zida zokhala pakati pa netiweki, monga ma firewall, anazipanga mongoganiza kuti zomwe akuona lero ndi zomwe zidzakhalepo mpaka kale. Opanga mabrawuza atayesa TLS 1.3 pa intaneti yeniyeni, anapeza kuti zida zina zoterezi zikudula kulumikizana chifukwa chongoona zachilendo. Gulu linakakamizika kuveka TLS 1.3 zovala za TLS 1.2: malo akale a nambala amanenabe 1.2, nambala yeniyeni inasamukira mu extension yotchedwa supported_versions, ndipo pali uthenga wina womwe ungatumizidwe wopanda ntchito ina koma kukhazika mtima pansi zida zapakatizo. Chikalatacho chinafika pa draft 28 chisanatuluke ngati RFC 8446 mu Ogasiti 2018. Pa zovuta zamtunduwu panabadwanso njira ya GREASE, yolembedwa mu RFC 8701, yoti pulogalamu izitumiza dala manambala opanda tanthauzo kuti olandira azolowere kunyalanyaza zomwe sakuzidziwa. Choncho mu draft yanu nenani momveka chomwe wolandira achite akakumana ndi chinthu chachilendo, ndipo pezani njira yoti malo osiyira zamtsogolowo azigwiritsidwa ntchito kuyambira tsiku loyamba.

Gawo la Security Considerations ndi lokakamiza, ndipo kulembamo kuti palibe chodetsa nkhawa ndi njira yachidule yobwezetsera chikalata chanu. RFC 3552 imakuuzani kuti muganize ngati mdani ali ndi mphamvu pa njira yonse yomwe mapaketi akudutsa: angawerenge, angasinthe, angabwereze, anganamizire kukhala wina. Kuyambira 2014, RFC 7258 inanenetsa kuti kuzonda anthu mwachisawawa pa intaneti ndi chiwembu chomwe opanga maprotokolo ayenera kuchiganizira, kotero mudzafunsidwanso kuti munthu wongoonerera mapaketi angadziwe chiyani za wogwiritsa ntchito. Gawo la IANA Considerations ndi lonena manambala kapena mayina omwe mukufuna alembedwe m'kaundula wa IANA, bungwe losunga manambala ndi mayina a maprotokolo, ndipo RFC 8126 ikutsogolerani. Likakhala lopanda chopempha, nenani choncho.

Za ma patent musazibise. Msonkhano uliwonse umayamba ndi chikumbutso chotchedwa Note Well, ndipo malamulo a BCP 79 amafuna kuti ngati mukudziwa patent yanu kapena ya abwana anu yokhudza zomwe mukupereka, muulule msanga. Gulu lingasankhe kupitirira kapena kupeza njira ina, koma likadzazindikira mochedwa, chikhulupiriro chomwe anthu anali nacho pa inu sichibwereranso msanga.

Khodi iyende

Mu 1992 David Clark ananena mawu omwe anthu a IETF amawabwereza mpaka lero, oti iwo amakana mafumu, mapulezidenti ndi mavoti, koma amakhulupirira kumvana kwa ambiri ndi khodi yomwe ikugwira ntchito. Mbali yachiwiriyo musaiwale. Lembani pulogalamu yotsatira draft yanu, ndipo chofunika kuposa apo, pezani munthu wina alembe yake osaona khodi yanu, akungowerenga chikalata. Pomwe mapulogalamu awiriwo alephere kumvana ndi pomwe chikalata chanu chili ndi bowo. Loweruka ndi Lamlungu msonkhano wa IETF usanayambe pamakhala Hackathon, ndipo kumeneko ndi kumene anthu amalumikiza mapulogalamu awo n'kuona choona. RFC 7942 imalola kuikamo gawo la Implementation Status lofotokoza amene alemba kale khodi. Pa mkangano, munthu wonena kuti "ndinayesa, nazi zomwe zinachitika" amamvedwa kuposa wonena kuti "ndikuganiza kuti".

Mkangano weniweni

Apa ndi pomwe ambiri amasochera, chifukwa amabwera ndi maganizo a chisankho: ndisonkhanitse ondichirikiza ambiri, ndipambana. Ku IETF sikuyenda choncho, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Popanda umembala, mavoti angakhale opanda pake, poti kampani ingangobweretsa antchito ake 50 n'kudzaza chipinda. Werengani RFC 7282 yomwe analemba Pete Resnick mu 2014, ndi yaifupi ndipo ikusinthani kaganizidwe. Mfundo yake ndi yoti wapampando safunsa kuti ndi angati akufuna, amafunsa kuti pali chotsutsa chomwe sichinayankhidwe kodi. Anthu 100 angavomereze, asanu n'kukana, koma ngati asanuwo aonetsa kuti protokoloyo idzadzaza netiweki mpaka kuima ndipo palibe wawayankha, kumvana sikunapezeke. Kwinaku, sikuti chotsutsa chiyenera kutsatidwa kaye kuti nkhani ipite patsogolo. Chiyenera kumvedwa, kuganiziridwa moona mtima ndi kuyankhidwa. Gulu likatero n'kuona kuti vutolo ndi laling'ono poyerekeza ndi phindu, wotsutsayo amatsala yekha ndipo ntchito imapitirira.

Ngakhale mwambo wakale wong'ung'uza, pomwe wapampando amafunsa funso anthu n'kuyankha ndi "mmmm" m'malo mokweza manja, cholinga chake si kuwerenga anthu. Ndi kungomva komwe chipinda chapendekera kuti adziwe funso lotsatira. Masiku ano kawirikawiri amagwiritsa ntchito chida cha mu Meetecho, pulogalamu yochitira misonkhano pa intaneti, kuti otsatira msonkhano ali kutali nawonso ayankhe, koma tanthauzo silinasinthe. Ndipo chilichonse chomwe chagwirizanidwa m'chipinda chiyenera kukatsimikizidwa pa maimelo a gulu. Ichi n'chofunika kwa inu amene simungakwanitse ulendo: misonkhano imachitika katatu pa chaka, mu Malichi, Julayi ndi Novembala, m'mizinda yosiyanasiyana, koma mungaitsatire pa intaneti, ndipo amene sangathe kulipira angapemphe kuti amukhululukire malipiro otsatirira ali kutali.

Tsono wina akakutsutsani, chitani izi. Bwerezani mfundo yake m'mawu anu, mumufunse ngati mwamumva bwino. Theka la mikangano yomwe ndaiona linali la anthu awiri otsutsana pa zinthu ziwiri zosiyana. Mukamvana pa funso, yankhani funsolo, osati munthuyo kapena kampani yake. Ngati akunena zoona, sinthani chikalata, mutchule mu gawo la zosintha, ndipo mumuthokoze. Ngati simukugwirizana naye, fotokozani chifukwa kamodzi, momveka, ndi umboni, kenaka musiyire ena alankhule. Kutumiza maimelo khumi pa tsiku obwereza mfundo imodzimodzi kumangothamangitsa owerenga omwe mukuwafuna. Inunso potsutsa za ena, musangoti sindikuzikonda. Nenani chomwe chidzasweke, pa netiweki yotani, ndipo ngati mungathe perekani mawu oti alowe m'malo mwa omwe mukuwakanawo.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha spin bit mu QUIC, protokolo yonyamula uthenga yomwe imagwira ntchito yofanana ndi ya TCP. Inali bit imodzi yokha, koma anthu anakanganirana kwa nthawi yaitali. Oyendetsa manetiweki ankaifuna kuti azitha kuyeza nthawi yomwe paketi imatenga kupita ndi kubwera, poti QUIC imabisa pafupifupi chilichonse chomwe ankachiona mu TCP. Oteteza chinsinsi cha anthu ankaopa kuti iulula zambiri. Palibe mbali yomwe inangogonja. Anthu anayeza, anabweretsa zotsatira, ndipo mu RFC 9000 bit ija inalowa ngati yosakakamiza, ndi lamulo loti ngakhale pulogalamu yomwe ikuigwiritsa ntchito iziizimitsa mwachisawawa pa kulumikizana kumodzi mwa 16 kulikonse, kuti amene aizimitsiratu asaonekere. Yankho limeneli silikanapezeka ndi voti.

Mukaona kuti wapampando waweruza molakwa, njira yodandaulira ilipo: muyambe ndi wapampandoyo, kenaka Area Director (woyang'anira magulu a gawo limodzi), kenaka IESG (komiti ya ma Area Director yomwe imavomereza zikalata), pomaliza IAB (komiti yoyang'anira kapangidwe ka intaneti). Igwiritseni ntchito pomwe mfundo yanu sinamvedwe, osati pomwe yamvedwa koma yakanidwa.

Gulu likatenga chikalata chanu

Anthu okwanira akaonetsa chidwi, apampando amafunsa gulu ngati likufuna kutenga draft yanu kuti ikhale ntchito yake. Likavomera, dzina limasintha kukhala draft-ietf, dzina lanu limachoka pa mutu wa fayilo, nambala imabwerera pa 00. Mvetsani bwino tanthauzo lake: chikalatacho si chanunso. Inu mwasanduka mlembi wa zomwe gulu lagwirizana, ngakhale zomwe simukuzikonda. QUIC inayambira ku Google, gulu la IETF linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo chomwe chinatuluka mu Meyi 2021, patadutsa ma draft ofika pa 34, chinali chosiyana kwambiri ndi choyambacho. Njira ya Google yobisira uthenga inachotsedwa, TLS 1.3 inalowa m'malo, ndipo za HTTP zinapatulidwa kukhala HTTP/3 mu RFC 9114. Ngati simungapirire kuona ganizo lanu likusinthidwa chotere, ndi bwino kulifalitsa nokha kusiyana n'kulibweretsa ku gulu.

Zotsatira zake ndi masitepe odziwika. Gulu likaona kuti latha, pamakhala Working Group Last Call. Munthu wotchedwa document shepherd amalemba lipoti la mmene zokambirana zinayendera, Area Director amawerenga, kenaka IETF yonse imapatsidwa masabata osachepera awiri kuti iyankhepo, kapena anayi ngati chikalata sichinachokere ku gulu. Akatswiri a chitetezo, a kayendetsedwe ka netiweki ndi ena amatumiza ndemanga zawo. Pomaliza mamembala a IESG amaika maganizo awo, ndipo mmodzi akaika DISCUSS chikalata chimaima mpaka nkhani yake ithe. Musachite mantha ndi DISCUSS. Yankhani msanga, mwaulemu, ndi mawu okonzedwa kale, ndipo ambiri amachotsedwa popanda phokoso. Zikatha apo chimapita kwa RFC Editor, omwe amakonza chilankhulo n'kukubwezerani kuti muvomereze komaliza. Werengani liwu ndi liwu, chifukwa RFC ikatuluka sisinthidwanso. Cholakwa chimangolembedwa pambali ngati errata, kapena pamafunika RFC ina yolowa m'malo mwake, monga mmene RFC 9293 ya 2022 inalowera m'malo mwa RFC 793 ya TCP ya 1981. Ulendo wonsewu kawirikawiri umatenga zaka, osati miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwaninso kuti si RFC iliyonse yomwe ili muyezo. Mndandandawu unayamba ndi Steve Crocker pa 7 Epulo 1969 ngati makalata opempha ndemanga, ndipo mpaka pano muli za Informational, Experimental, Best Current Practice ndi Historic. Ganizo lomwe silinayesedwe mokwanira limakhala bwino ngati Experimental, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Za muyezo zimayamba ngati Proposed Standard. Kuyambira pa RFC 6410 ya 2011 masitepe alipo awiri okha, ndipo kuti chikalata chikwere kukhala Internet Standard pamafunika mapulogalamu osachepera awiri olembedwa paokhapaokha, omvana, ndiponso ogwiritsidwa ntchito kwambiri. Maprotokolo ambiri omwe timadalira tsiku lililonse anangokhala pa Proposed Standard.

IETF ilibe apolisi. Palibe amene angakakamize kampani kapena woyendetsa netiweki kutsatira RFC yanu. IPv6 inalembedwa mu RFC 2460 mu 1998, inakhala Internet Standard mu RFC 8200 mu 2017, koma mpaka lero IPv4 ikadali paliponse, chifukwa woyamba kusamuka sankaona phindu msanga pomwe anzake sanasamuke. N'chifukwa chake mu draft yanu muyenera kukhala ndime yonena mmene protokoloyo idzakhalire limodzi ndi zakale, ndi chomwe munthu woyamba kuiyatsa adzapindule ena onse asanayatse. Oyendetsa manetiweki afunseni funso limeneli draft ikadali pa 00 kapena 01, pomwe kusintha kapangidwe kake sikunavute.